Tsiku Limene Kompyuta Inanenepetsa Bambo Aakulu

Chala changa chakumanzere chili ndi khalidwe lake. Ndikangogwira mausi kuti ndikulitse chithunzi, icho chimathamangira chokha kukakanikiza batani lina la pakona pa kiyibodi. Chitsegulireni kashopu kanga kosindikiza pa boma pa Neno, lamulo linali lomwelo: kanikiza batani, koka ngodya ya chithunzi, chikula mofanana mbali zonse, munthu n'kukhalabe munthu. Ukaiwala batanilo, mutu unkatuluka ngati dzungu.

Bambo aakulu, akulu awo a bambo anga, anamwalira atadwala nthawi yaitali. M'mawa wa tsiku loika maliro, achimwene anatulukira pashopu pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ankafuna chithunzi chachikulu cha m'felemu choti chinyamulidwe patsogolo pa bokosi popita kumanda kwathu ku Dambe. Chithunzi chinalipo chimodzi chokha, m'foni mwawo: bambo aakulu ali pampando pakhonde, jekete itawakulira, masaya atalowa. Anali munthu wodana ndi kamera. Ankati kujambulitsa n'kwa anthu opanda munda.

Dzulo lake, netiweki itagwirako bwino, pulogalamu yanga yokonzera zithunzi inapempha kuti ilowetse zatsopano. Ndinavomera. Kunalibe chondichenjeza kuti pali chimene chisinthe.

Ndinaika chithunzi chija pakompyuta, chala n'kukanikiza batani lake, ine n'kukoka ngodya. Bambo aakulu anatambasuka cham'mbali, mphuno phwatalala, makutu kutalikirana. Ndinabweza. Ndinakokanso, ulendo uno nkhope inasololoka cham'mwamba. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ndinapukuta mausi pachitenje, ndinakanikiza batani lija mwamphamvu mpaka chikhadabo kuyera. Palibe chinasintha.

"Iwe, ukuchita chiyani kodi?" anatero achimwene ataima kumbuyo kwanga. "Adzukulu atsiriza kukumba manda kalekale. Abusa afika."

"Dikirani pang'ono, achimwene. Chinthuchi chapenga."

"Chapenga lero? Masiku onse umasindikiza makalendala a anthu popanda vuto, lero pa maliro a kwanu ndiye chipenge?"

Mawu amenewo anandibaya. Chimene chinkandiopsa sichinali ukali wa achimwene. Ndinkaganiza za mayi aakulu, amene anadwazika mwamuna wawo osatopa, akulandira nkhope yopindika ngati yoseketsa ana, mudzi wonse ukuona. Ndinkawamva kale azakhali akunong'onezana kuti mwana amene anapita kusukulu uja wanyoza maliro. Ndipo mapepala onyezimira osindikizira zithunzi anali atatsala awiri okha, ogulitsa ake ali ku Blantyre.

Ndinayamba kuyeza ndi maso. Kukoka pang'ono uku, kukankha pang'ono uko. Chithunzi chinadzaza pepala, koma bambo aakulu anali atanenepa ndithu, masaya odzaza, khosi lalikulu, jekete ija ikuwakwana.

"Sizinakhale bwino," ndinatero.

"Sindikiza basi. Anthu akulira sayang'ana makutu."

"Achimwene, awa si bambo aakulu."

"Nanga ndi ndani? Msewu wa ku Dambe ukuudziwa, eti? Ukufuna bokosi lituluke popanda chithunzi?"

Ndinasindikiza misozi ili m'maso. Inki isanaume n'komwe, iwo anali atachilowetsa m'felemu, n'kuchikulunga m'chitenje changa, n'kuliza njinga.

Ndinatsala ndekha, nditapsa mtima. Kenaka foni inalira. Anali amayi, kufunsa ngati ndanyamuka. Ndinagwira foni ndi dzanja lamanzere, lamanja likungoseweretsa mausi mosaganiza. Ndinakoka ngodya ya chithunzi choyamba chija, ndipo chinakula bwinobwino, mbali zonse mofanana. Ndinayang'ana dzanja langa lamanzere lili kukhutu, kutali ndi batani.

Opanga pulogalamu ija anali atatembenuza lamulo m'zatsopano zadzulo zija. Anthu ena kutali uko, amene sanapondepo fumbi la ku Neno, anagwirizana kuti kuyambira tsopano batani limene linkasunga nkhope ya munthu ndi limene liziiwononga. Osafunsa, osauza munthu. Ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano, amayi ali pa foni.

"Wati chiyani?" anafunsa amayi.

"Palibe, amayi. Ndikubwera."

Ndinasindikiza pa pepala lotsiriza lija, ndinatseka shopu, n'kukwera kabaza. Njira yonse ndinali nditakumbatira envulopu pachifuwa, njinga ikudumpha m'miyala, ine ndikumuuza wakabaza kuti awonjezere moto pomwe mantha akuti achepetse. Pemphero langa linali limodzi, loti ndipeze felemu ija isanafike m'manja mwa mayi aakulu.

Ndinachedwa. Pofika, amayi a mpingo anali akuimba panja, bokosi lisanatuluke. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'nyumba ya siwa chowerama, ndikudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Mayi aakulu anali atatsamira khoma pafupi ndi bokosi, felemu ili pamiyendo pawo. Azakhali anandiyang'ana ndi diso limene ndinkaliyembekezera.

Ndinagwada. "Amayi, pepani. Chithunzicho chinalakwika, makina anandisokoneza. Chenicheni ndabwera nacho, ndi ichi. Ndipatseni felemuyo ndisinthe msanga."

Anasolola chithunzi changa mu envulopu, nachiyang'ana. Masaya olowa aja, maso akuluakulu aja, jekete yolendewera m'mapewa. Chinali cholondola, chosaphonya kanthu. Anachibweza mu envulopu pang'onopang'ono n'kundipatsa.

"Ameneyu ndamuona mokwanira, mwanangu," anatero ndi mawu osasa. "Ndamusambitsa, ndamutembenuza pamphasa, ndamumwetsa phala ndi supuni. Ndikumudziwa." Anasisita galasi la felemu ndi chikhatho. "Uyu ndi amene anabwera kudzandifunsira. Ndinali nditamuiwala nkhope. Musiye apite ameneyu."

Azakhali anachotsa diso lawo pa ine.

Chithunzi cholakwika chija n'chimene chinatsogolera bokosi mpaka kumanda, ndipo lero chili pakhoma kwa mayi aakulu. Anthu amene anachitembenuza chinthu chija sindinawakhululukire, ndipo chala changa chimathamangirabe ku batani lija, ine n'kuchibweza. Chithunzi cholondola chili m'dirowa pashopu, mu envulopu yake yomwe ija. Palibe wa kwathu amene anachiitanitsapo.