Ndinawotcha Njuchi Zanga ndi Manja Anga

M'zaka za Chitaganya ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Chitakale. Sindinkathyola tiyi ayi. Ine ndinkasamala munda wa mapeyala ndi malalanje kuseri kwa nyumba ya bwana, ndipo chifukwa cha ntchitoyo anandipatsa nyumba ya kumalaini, chipinda chimodzi, momwe tinkapanikizana ine, mkazi wanga ndi ana anayi. Kwina kopita kunalibe. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo pomwalira sanandisiyire ngakhale ndime imodzi ya munda.

Chomwe anandisiyira ndi luso la njuchi. Ndinkapanga ming'oma ya makungwa, kupakamo phula, n'kuipachika m'mibawa ya m'mphepete mwa mundawo. Inalipo khumi ndi iwiri. Mapeyala akachita maluwa mu Ogasiti, munda wonse unkangoti ng'waa ndi njuchi, ndipo pofika Febuluwale nthambi tinkachita kuzichirikiza ndi mphanda. Mzungu woyamba amene ndinamugwirira ntchito ankadziwa kuti zipatsozo zimabwera ndi njuchi, moti sankandivuta.

Iyeyo atabwerera kwawo kunabwera wina, wofiira khosi, woyenda ndi chikoti ngakhale popita kukaona maluwa. Asanathe miyezi itatu, njuchi imodzi inaluma dona wake pamlomo akumwa tiyi pakhonde. Imodzi yokha! Ife zinkatiluma tsiku ndi tsiku, n'kungozula mbola, ntchito n'kupitirira. Koma tsikulo kunali chipwirikiti ngati kwagwa maliro.

Anandiitanitsa ku ofesi. Kalaliki, amene ankatimasulira Chizungu, anati, "Akuti ming'oma yonse muiwotche lero lomwe."

Ndinagwada. "Muwauze bwana kuti maluwa angoyamba kumene. Njuchi zikachoka, mapeyala sabereka. Andilole ndiisamutsire kumtsinje."

Kalaliki analankhula mawu atatu okha, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti anafikitsa zonse. Bwana anaseka, nanena zake. Kalaliki anandiyang'ana nati, "Akuti mtengo umabereka ndi manyowa ndi madzi, osati ndi nthano zanu. Musankhe, njuchi kapena nyumba."

Ndinasankha nyumba. Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndikanatani? Ndinatsitsa ming'oma umodziumodzi, kutseka pakhomo pake ndi dothi, kuunjika pamodzi, kuthira palafini. Uchi unkayenderera pansi ukuwira. Njuchi zomwe zinali kumaluwa zinkabwerera n'kumazungulira nthambi zopanda kanthu mpaka dzuwa kupendeka. Ndinalira, munthu wamkulu wandevu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Bwana sanakhutire. Anandisenzetsa mpope kuti ndipopere mankhwala ophera udzudzu pamitengo yonse, maluwa ali mbee. Njuchi zam'tchire zomwe zikanatithandiza nazonso zinagwa, ndinkachita kuzisesa pamodzi ndi masamba.

Maluwa anayoyoka. Ndinkayenda pansi pa mitengo khosi lili m'mwamba, kufunafuna tizipatso, mtima ukundiuza kale zomwe zikubwera. Febuluwale atafika, munda umene unkadzaza ngolo unatulutsa madengu anayi.

Anandiitananso. Ulendo uno sanandifunse kanthu. Kalaliki anati bwana wadziwa kuti ndakhala ndikuthyola mapeyala ali aang'ono chifukwa cha mkwiyo wa njuchi zija, ena n'kumagulitsa pamsika. Ndinafuna kuwakumbutsa zomwe ndinanena nditagwada pamalo omwewo, koma mlonda anali atandigwira kale pamkono. Anatipatsa masiku awiri kuti tichoke kumalaini. Anzanga amene ankanyambita uchi wanga chaka ndi chaka anangosuzumira pazitseko. Sindiwada kwenikweni, nawonso anali ndi ana. Koma bwana uja ndi kalaliki wake sindinawakhululukire, ngakhale abusa anayesetsa.

Tinanyamuka m'mawa, mvula ikuwaza, kulowera ku Thuchila komwe kunali msuweni wa mkazi wanga, osadziwa ngati akatilandira. Ine ndinasenza mphasa ndi makasu, mkazi wanga khanda kumbuyo, mtolo pamutu. Titadutsa mzere womaliza wa tiyi anatula mtolo, n'kundiyang'ana.

"Nanga abambo, poti nyumba atilanda ndithu, njuchi zija munaziwotcheranji?"

Ndakalamba tsopano, iye anatsogola kale, koma sindinamuyankhebe.