Batire la Maso a Atate

Chaka cha chilala chija, madzi atachepa ku damu, magetsi ku komboni yathu ya Kalingalinga ankabwera ngati mlendo wongodutsa. Ukamva ana akukuwa kuseri kwa nyumba, udziwe kuti abwera. Pofika pa soketi ndi tchaja m'manja, apita kale. Ine ndinali ndi kamera imodzi ndi mabatire ake awiri, ndipo ndinkadyera pomwepo: maukwati, zinkhoswe, ana omaliza sukulu ya mkaka atavala mikanjo yowaposa msinkhu. Kamerayo inali ya masiku ano, yopanda kalilole m'kati. Zakale zija, ngakhale batire lithe, ukaika diso pa kazenera kake umaonabe dziko. Yangayi ayi. M'kazenera mwake muli kakanema kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo batire likatha mumangokhala mdima.

Atate anali kalipentala. Makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo Chichewa chawo sanachitaye ngakhale anakulira pakati pa anthu a kuno, onena kuti vinthu ndi vakudya. Matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono. Anayamba kulephera manambala a pa tepi, kenaka mzere wa pensulo pa thabwa, kenaka nkhope zathu. Adokotala sanazungulire: chotsalacho chizipita ndithu, ndipo palibe wochibweza. Atate ankati zili ngati wina wayatsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko. Ankaswera pa benchi lomwe anapanga okha, pansi pa mango wa pakhomo, n'kumatizindikira ndi mapazi.

Masana ena ndinkapukuta kamera ndili pambali pawo.

"Tabwera nacho chinthu chimakudyetsacho," anatero atate. "Ndimve kulemera kwake."

Ndinawapatsa, mtima uli m'mwamba kuopa kuti aigwetsa. Anaitembenuza ndi zala, kufufuza molumikizira ngati akuyendera mpando wa kalipentala mnzawo. Kenaka anaiika pa diso mwamasewera, akundiyerekeza mmene ndimapindira khosi pojambula. Ndinali nditaisiya yoyaka, ili ndi galasi lalitali lokokera zakutali. Kuseka kwawo kunaduka.

"Nkhunda za pa denga la anansi zija zidakalipo," anatero. Sikunali kufunsa. "Ina ili ndi phiko lofiirira. Ikudzikanda."

Ndinayang'ana. Inalipo, ikudzikanda. Ndinagwada n'kupotoza kagudumu kakang'ono ka pambali pa kazenerako, kamene kamakonzera diso la munthu, n'kuwonjezeranso kuwala. Atate anapuma mozama. Sikuti anachira, pakati pa chithunzi panali pamakhalabe utsi, ankatero. Koma kamera inkakuza zinthu, n'kuziwalitsa, ndipo mphira wa pa kazenera unkatsekereza dzuwa lomwe linkawathobwa. Malo okhawo amene atate ankaonabe anali m'menemo.

Masiku otsatirawo ndimawakumbuka ngati maloto a masana. Fumbi lili lende mumpweya, nyundo za owotcherera zitsulo zikumveka chapatali, atate ali pa benchi ndi kamera pa diso, akutembenuka pang'onopang'ono. Sanajambulepo chithunzi n'chimodzi chomwe. Ankangoyang'ana. Mzere wa nyerere pa khoma la chimbudzi. Zovala za anthu pa waya zikuvina zopanda eni. Mwezi wa masana, wotuwa, uli pamwamba pa thanki la madzi. Tsiku lina anapempha thabwa la mukwa, naliika pa maondo, n'kutsatira mizere yake mpaka dzuwa kupendeka, akuti ikuyenda ngati madzi. Tsiku lina anandilozetsa kamera ine.

"Wakula liti iwe? Ndi makwinya pamphumi ngati woweruza milandu."

"Makwinya ake ndi a batire langa mukulithali, atate."

Sindinkanama. Kazenera kaja kamadya moto kuposa galasi la kumbuyo, ndipo atate sankadziwa kuzimitsa. Batire lomwe linkanditengera ukwati kuchokera ku tchalitchi mpaka podula keke, iwo ankalimaliza pa nkhunda. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense kwathu amadziwa. Lachisanu lina ndinapeza mabatire onse awiri atatheratu, magetsi kulibe, mawa lake ndili ndi chinkhoswe ku Mtendere. Ndinalankhula mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Atate anadikira kuti ndimalize.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga," anatero. "Iwe uli ndi mawa lambiri loonera zinthu. Ine ndikufwenkha amene ndili naye."

Ndinalowa m'nyumba n'kukalira kuseri kwa chitseko, mokwiya, chifukwa ananena zoona. Kuyambira pamenepo tinagawana: batire limodzi langa, lina lawo. Lawolo ndinalipaka kadontho ka utoto wa m'zikhadabo, ndipo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku inakhala kulisakira moto.

Ndinayamba ndi owotcherera zitsulo a kumsewu, omwe anali ndi jenereta. Moto wake unkadumphadumpha, ndipo tchaja yanga inanunkha mphira wopserera n'kufa. Ndinagula batire lotchipa kumsika wa m'tauni, kwa munthu amene analumbira pa ana ake kuti n'lenileni. Pasanathe mwezi linatupa ngati chitumbuwa n'kukanirira m'kamera, mpaka ndinalitulutsa ndi singano ya amayi ndikutukwana chamumtima. Minibasi ya msuweni wanga inali ndi pobayira chingwe, koma batire linkapita ku Matero m'mawa n'kubwera madzulo, atate atakhala tsiku lathunthu mu utsi.

Amene anatipulumutsa anali wometa tsitsi wa pa kona, bambo wamimba wokonda mpira, yemwe anaika sola pa denga la shopu yake. Kuseri kwa galasi lake kunali mulu wa mafoni a komboni yonse, nyali zake zikuphethira.

"Ba sisi, mwabwela na ka batire ka ba mudala?" ankatero akandiona. "Fakani apo pafupi na mashini. Koma makumbi yakabwela musanikalipile ine, zuba si yanga." Ankanena mitambo ndi dzuwa.

Mafoni a ena ankawachotsa kuti batire la atate lilowe, eni ake akadandaula n'kuwauza kuti mauthenga awo achibwenzi angadikire. Kanyali ka tchaja kakakhala kofiira ndiye kuti likumwa, kakasanduka kobiriwira ndiye kuti lakhuta. Atate anafika poidziwa nthawi yake ndi mthunzi wa mango: ukachoka pa mapazi awo n'kufika pa mtondo wa amayi, ankayamba kutchera khutu kuchipata. Pambuyo pake ndinapezanso pawa banki, n'kumaiika m'thumba la malaya awo, chingwe chikulendewera mpaka ku kamera. Amayi ankawaseka kuti akhala ngati wodwala wa pa diripi.

Amayiwo ndiwo ankathawa kamera. Akaona ikutembenukira kwa iwo, ankaphimba nkhope ndi mbale kapena kulowa m'khitchini.

"Zaka zonsezi ndakhala nanu, simunandione?" ankatero.

"Ndinali wotanganidwa ndi mipando," atate ankayankha.

Anawagwira tsiku lina akusankha nyemba, atayiwala. Atate anawayang'anitsitsa, kenaka anati, "Amayi a ana, imvi izi mwazitenga kuti? Palibe anandiuza." Amayi anawaponyera nyemba imodzi, koma sanachoke. Kuyambira tsiku limenelo ankati akamaliza ntchito, amakokera kampando patsogolo pa benchi, n'kukhala ngati angopumula. Ankakambirana za mitengo ya makala, za ana a abale, za denga lodontha lomwe liyenera kukonzedwa mvula isanagwe, kamera ili pakati pawo. Ine ndinkadutsa chakutali. Ndinkachita manyazi ngati ndalowa kuchipinda kwa makolo osagogoda, komanso ndinkakondwa.

Kutentha kutafika pachimake, maluwa a jakaranda atayamba kuyoyoka m'misewu ya kumayadi, atate anayamba kupempha kuti ndiwonjezere kuwala. Ndinawonjezera. Patapita masiku anapemphanso. Nkhunda anazisiya, akuti zikuuluka msanga; mwezi anausiya, akuti wachepa. Kagudumu kaja ndinakapotoza mpaka kanakana. Kuwala ndinakufikitsa pothera, moti ine ndikaikapo diso ndinkaona dziko loyera mbee ngati ufa. Ndinkadziwa tanthauzo lake, amayi ankadziwa, koma pakhomo panalibe wotchula. Chomwe ndinkatha chinali kuonetsetsa kuti batire la kadontho lisagone ndi njala, ndipo ndinkalisamala kuposa langa.

Linali Lachisanu, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa koma dzuwa likadali lolusa. M'mawa wake ndinali nditatenga batire kwa wometa uja litakhuta, n'kuliika m'kamera ndi dzanja langa. Atate anabwera kuchokera ku mzikiti atagwira phewa la mnansi wathu, nakhala pa benchi, mkanjo woyera udakali m'thupi. Amayi anali atasamba, atavala chitenje chawo cha maluwa achikasu chomwe ankasungira maulendo. Palibe anawatuma. Anakoka kampando n'kukhala, manja pa maondo.

Ndinayatsa kamera n'kuwapatsa atate. Anaiika pa diso. Anaitembenuzira kumanzere pang'ono, kenaka kumanja, kufunafuna, chonsecho amayi anali patsogolo pawo penipeni. Anaichotsa, napukuta kazenera ndi nsonga ya mkanjo, naibwezeranso. Mphepo inagwedeza masamba a mango. Kwinakwake wailesi inkaimba nyimbo ya tchalitchi.

"Latha," anatero atate, akunditambasulira kamera. "Lero wometa uja wakunamiza. Muli mdima wokhawokha."

Ndinailandira n'kuikapo diso. Amayi anali momwemo, owala, maluwa achikasu ali pa chifuwa, imvi zikutuluka m'mphepete mwa duku. Pakona, kachizindikiro ka batire kanali kodzaza mpaka kukamwa.

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anandiyang'ana, napukusa mutu pang'ono chabe.

"Pita ukatchaje, mwana wanga," anatero, mawu awo ali bwinobwino. "Ine ndikhala pompano. Sindikupita kulikonse."

Ndinatulutsa batire n'kulifumbata. Linali lofunda. Njira ya ku kona sindikuikumbuka. Ndimangokumbuka fumbi m'mapazi. Wometa uja anali pakati pometa munthu. Analandira batire ndi dzanja limodzi, naliika pa tchaja, ndipo kanyali kobiriwira kanayaka nthawi yomweyo.

"Ba sisi, iyi ili fulu. Si ija mwatenga kuseni?"

"Niziba," ndinatero. "Isiyeni chabe."

Anazimitsa mashini ake n'kundiyang'ana m'galasi. Anasuntha matawulo pa benchi kuti ndipeze pokhala, nabwerera ku mutu wa munthu uja. Ndinakhala pakati pa amuna odikira kumetedwa, maso ali pa kanyali kobiriwira, ndikudikira kuti nthawi yodzazira batire ikwane, chifukwa atate ankaidziwa bwino nthawiyo, ndipo anali pansi pa mango akundidikira kuti ayesenso.