Pikapu ya m'Chigafa ku Mavwere

Ndinali nditagwira ntchito ya unamwino ku Mchinji zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinagula galimoto yanga yoyamba. Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi minda ya tiyi, ndipo kuno inandibweretsa ndi ntchito basi. Ndinkakhala ndekha m'nyumba ya zipinda ziwiri pa boma. Mwana wanga wamkazi anali ku koleji ku Mzuzu. Bambo ake anapita ku Joni iye ali wamng'ono, ndipo mafoni awo anamka nachepa mpaka anasiyiratu.

Galimoto ndinaifuna chifukwa cha amayi anga. Miyendo inali itayamba kuwatupa, ndipo achimwene anga, amene amakhala nawo pafupi, anandiuza kuti ngakhale kutchalitchi sakufikako. Ndinaganiza zokawatenga kuti adzakhale nane kufupi ndi chipatala. Koma munthu wodwala miyendo sungamukweze minibasi ku Mulanje, kukamutsitsa pa Limbe, kumukwezanso basi ya ku Lilongwe, kenako ina yobwera kuno. Laisensi ndinali nayo, ngakhale kuti chiilandirireni ndinali ndisanayendetsepo galimoto mtunda wautali.

Za pikapuyo ndinamva kwa mayi wina wa ku Mavwere amene ankabwera mwezi ndi mwezi kudzalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Amuna awo anali mlimi wa fodya, ndipo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Mwa ana awo panalibe woyendetsa. Loweruka lina ndinapita kukaiona. Ndinaipeza m'chigafa chomwe kale ankayanikamo fodya, yoyera, ya dizilo, dzimbiri litayamba kudya m'mphepete mwa zitseko. Matayala onse anali ataphwa, ndipo kumbuyo kwake nkhuku zinkaikirako mazira. Mayiwo anapukuta galasi lakutsogolo ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Za m'kati mwake musandifunse, mayi," anatero. "Ine ndimangoidziwa kulira kwake. Amuna anga akamachokera ku Kamwendo ndinkaimva ili patali, n'kuwatenthetsera madzi osamba."

Tinagwirizana tsiku lomwelo. Amene anadzaidzutsa anali makaniko wachikulire wa pa Kamwendo, amene galaja yake inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mashopu. Paunyamata wawo ankayendetsa malole pa msewu wa ku Lusaka, ndipo galimoto ankaitchula kuti motoka monga amanenera anzathu a ku Chipata. Anabwera pa kabaza atanyamula batire pamiyendo ndi pampu kumsana. Anapopa matayala, anagwiragwira m'injini pafupifupi ola lathunthu, ndipo pa kuyesa kwachinayi inalira, utsi woyera n'kudzaza chigafa chonse. Nditatembenuka kuti ndiwaone mayi aja, anali atachokapo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuswa mtedza. Titatsanzikana sanatiperekeze, ndipo makaniko uja anaiyendetsa mpaka pa galaja pawo.

Ndinatenga tchuthi cha masabata atatu. Sabata yoyamba yonse ndinkakwera minibasi m'mawa kupita pa Kamwendo, n'kukhala pa tayala lakale m'galajamo kuonerera. Bambowo anayamba n'kugwetsa thanki. Dizilo amene anatulukamo anali wofiirira, ndipo atamuthira m'botolo madzi anadekha pansi, mafuta pamwamba. Anatsanula oilo wakale wakuda bii, anasintha mafyuluta onse, natsuka ladiyeta mpaka madzi a matope atasiya kutuluka. M'bokosi lolowera mpweya anapezamo chisa cha makoswe chodzaza ndi makoko a mtedza, ndipo makoswe omwewo anali atadya mawaya a nyali yakumanzere. Matayala ndinafuna kugula a kaunjika, koma anakana kuti akutsogolo akhale otero.

Tsiku lachitatu anandiitana kuti ndisuzumire kutsogolo kwa injini.

"Muli lamba umu amene saoneka," anatero. "Akaduka muli pa liwiro, injini yonse yatha. Anamusintha liti?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Amene akudziwa ali kumanda. Tingomusintha."

Lambayo sanapezeke pa Kamwendo ngakhale pa boma. Anamuitanitsa ku Chipata kudzera mwa munthu wa geni amene amawoloka malire kawiri pa sabata, ndipo tinadikira masiku atatu. Pa masiku amenewo panalibe choti ndikachite pa galaja, komabe ndinkapita. Kunyumba kunali zii. Anzanga onse anali pa ntchito, ndipo ndinazindikira kuti pa zaka zonsezo anthu amene ndinkacheza nawo anali a kuchipatala okhaokha, ndipo machezawo ankathera pa geti. Bambowo sanali munthu wolankhulalankhula. Ankakonza njinga yamoto ya munthu wina, ine n'kumayang'ana anthu akupita ku msika ndi mbuzi ndi matumba a soya. Masana ndinkagula chimanga chootcha chiwiri, china n'kuwapatsa.

Lamba atafika n'kumuika, anandifunsa akupukuta m'manja.

"Ndiye ku Mulanjeko mupita ndi ndani?"

"Ndekha."

"Palibe wachibale kuno? Ngakhale mnzanu wa kuntchito?"

Ndinali nditayesa kale. Mnzanga mmodzi amene ndikanapita naye sanamupatse tchuthi. Mwana wanga anali pa mayeso. Ndinawauza zimenezo, iwo anangogwedeza mutu, n'kulowa m'kashedi kawo kukatenga jeke ndi sipanala.

"Chotsani tayala ilo," anatero.

Ndinkaganiza kuti andionetsa kaye, koma anakakhala pa benchi. Nati yoyamba inakana. Ndinakoka mpaka m'manja munatentha, ndipo amayi awiri ogulitsa tomato tsidya la msewu anasiya kucheza n'kumandiyang'ana. Ndinawacheukira bambowo.

"Sindikuthandizani, mayi. Likadzaphulika pa Ntcheu ine kudzakhala kulibe. Kwerani pa sipanalapo ndi phazi."

Ndinavula nsapato ya kuntchito n'kupondapo ndi thupi lonse, nati ija inalira n'kumasuka. Tayala limenelo ndinalichotsa n'kulibwezera katatu madzulo amenewo. Mawa lake anandiphunzitsa zina. Ndikatembenuza kiyi ndisathamangire kuliza, ndidikire kaye kanyali ka mahita otenthetsera injini kazime, makamaka kukazizira. Anandionetsa kabomba kotulutsira madzi pansi pa fyuluta ya dizilo, ndi kapampu kamene umadinikiza ndi chala mpweya ukalowa m'mapaipi. Anandichenjeza kuti thanki isamatsike kupitirira theka, chifukwa dizilo akatheratu m'njira kuidzutsanso ndi ntchito ina. Ndipo dizilo wa m'zigubu, amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu mafuta akamasowa, anandiletsa kotheratu.

"Wina ndi wabwino, wina amasakaniza ndi palafini. Ndi maso simungasiyanitse. Motoka iyi ndi yokalamba, musaipatse zachilendo."

Kenako tinayenda nayo. Iwo pambali, ine pa chiwongolero, kuchoka pa Kamwendo kufika pa boma ndi kubwerera, kawiri patsiku, masiku awiri. Giya yachitatu inkafuna kuikankha mwaulemu, ndipo chiwongolero chinali cholemera kwambiri moti mapewa ankandiwawa ndikafika kunyumba. Tsiku lomaliza anatsika pa galaja pawo, n'kumenya kawiri padenga kuti ndizipita.

Ndinafika nayo kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndinaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuzimitsa, n'kukhalabe m'katimo. Aneba anga anali atapita ku maliro kumudzi kwawo, zitseko zili chitsekere. Ndinaimbira mwana wanga kuti ndimuuze. Anati, "Zabwino zonse, amayi, ndikulowa m'kalasi, ndikuimbirani," ndipo sanaimbe tsiku limenelo. Ndinatunga madzi pa mpopi n'kuyamba kuitsuka. Kumbuyo ndinakolopa zitosi za nkhuku, m'kati ndinasesa timasamba ta fodya tomwe tinali titalowa m'ming'alu ya mipando. M'kabokosi ka kutsogolo ndinapezamo magalasi owerengera, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi, chipeso, ndi buku la nyimbo za kutchalitchi lopindika m'makona.

M'mawa mwake ndinapita nazo ku Mavwere. Kanali koyamba kuyendetsa ndekha pa msewu wafumbi, ndipo msewuwo unali ndi mabampu moti sindinapitirire giya yachiwiri. Ndisanakhote n'komwe kulowa pakhomo, ndinawaona mayi aja ataimirira pakati pa bwalo, manja ali m'chiuno.

"Ndinakumvani muli kudambo," anatero nditatsika. "Ndinadziwa kuti ndinu, komabe ndinaimirira."

Ndinawapatsa zinthu zija. Magalasiwo anawatembenuzatembenuza, n'kunena kuti anawafunafuna sabata yonse ya maliro chifukwa ankafuna kuwaika m'bokosi. Anandiyalira mphasa pakhonde, tinakhala nthawi yaitali. Ndinawafunsa ngati angakonde kuti ndiwayendetse pang'ono, ngakhale kungofika pa msewu waukulu. Anakana. Anati pa mpando umenewo anakhalapo mokwanira. Ponyamuka anandipatsa mtedza wodzaza ndowa kuti ndikawapatse amayi anga.

Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, achimwene anaimba masana ndili pa mzere wa dizilo pa boma.

"Chemwali, amayi akufuna akulankhule okha."

Ndinamva foni ikusinthana manja, kenako mawu a amayi, okweza monga amachitira pa foni nthawi zonse.

"Ndamva kuti wagula galimoto. Wachita bwino. Ubwere udzandione, koma usabwere kudzanditenga."

"Amayi, kuno chipatala chili pafupi. Miyendoyo ndizikuonani ndekha tsiku lililonse."

"Nanga iwe ukapita ku ntchito, ine ndizikhala ndi ndani?"

Ndinaiona nyumba yanga monga ikanaonekera kwa iwo, khomo lotseka, bwalo lopanda wodutsa, kuyambira m'mawa mpaka ine nditaweruka. Kwawo kuja ngakhale sayenda, anthu amawapeza pakhonde, wina wodzapempha moto, wina wongodutsa popita ku chigayo. Galimoto za kutsogolo zinasuntha, wa kumbuyo kwanga anaimba hutala, ndipo ndinawauza amayi kuti ndamva. Ndili pa mzere pomwepo ndinavomera mumtima chinthu chimene ndinkachizemba, kuti sindinkafuna kukawatenga chifukwa cha miyendo yokha. Ndinkafuna kuti ndikamaweruka ndizipeza munthu pakhomo.

Ulendo sindinausinthe. Ndinalongedza zigubu ziwiri za madzi, botolo la oilo, chingwe, jeke, sipanala, ndowa ya mtedza ija ndi thumba la soya. Ndinanyamuka Lachinayi kukungocha, kuli chisanu cha mwezi wa Juni. Ndinadikira kanyali kaja kuti kazime, ndipo injini inalira kamodzi n'kamodzi. Pa Kamwendo galaja inali isanatsegulidwe, ndinangodutsa.

Wailesi ya m'galimotomo sinkagwira, choncho ulendo wonse ndinkangomva injini. Mu Lilongwe inandizimira pa laundabauti chifukwa ndinachotsa phazi msanga pa kilachi. Minibasi zinandizungulira uku ndi uku, kondakitala wina n'kunenapo mawu amene sindinawamve bwino. Ndinailizanso n'kutuluka mumzinda. Pokwera mapiri a ku Dedza maso anga ankangobwerera pa kamuvi kosonyeza kutentha, koma sikanadutse pakati. Pa Lizulu ndinaima kuti injini ipume. Ndinatsegula boneti, ndinayang'ana oilo ndi madzi monga anandiphunzitsira, kenako ndinakhala kumbuyo n'kumadya mbatata yophika imene ndinatenga kunyumba. Mayi wina wogulitsa kabichi anabwera, anasuzumira kutsogolo, n'kundifunsa kuti adalaivala apita kuti. Nditamuuza kuti ndine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunditsitsira mtengo wa kabichi ndisanapemphe.

Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka, phiri likuoneka lonse popanda mtambo. Amayi anali pakhonde. Sanathe kuimirira msanga, ndiye ndinaisendeza galimoto mpaka pafupi ndi masitepe. Anatambasula dzanja n'kugwira chitseko, chikadali chotentha ndi dzuwa.

"Waiyendetsa wekha kuchoka ku Mchinji?"

"Ndekha, amayi."

"Ndiye watopa. Khala pansi."

Ndinakhalako masiku asanu ndi anayi. Nkhani yowatenga sindinaiyambitsenso, iwonso sanaitchule. Ndinapita nawo kuchipatala kawiri, anawasinthira mankhwala, ndipo kutupa kunachepako. Lamulungu ndinawafikitsa pakhomo penipeni pa tchalitchi. Potuluka anandiuza kuti akufuna akaone mng'ono wawo ku Phalombe, amene anali asanaonane naye zaka zinayi chifukwa nayenso sayenda. Tinapita masana omwewo. Awiriwo anakhala pamphasa imodzi miyendo itatambasulidwa, akufunsana za anthu amene ine sindikuwadziwa, ndani anamwalira, ndani anakwatiwanso, munda wakuti unapita kwa yani. Ine ndinakhala chapatali pamthunzi n'kumawamvera. Anacheza mpaka ndinachita kuwakumbutsa kuti msewu wobwerera ndi woipa ndipo ndikufuna tidutsemo kukuwala.

Ndinabwerera ku Mchinji Loweruka lotsatira, ndipo Lolemba m'mawa ndinali pa ntchito.