Udzu wa Amayi ndi Mphepo ya Ndege

Dzulo ndege inasiya mzere woyera pamwamba pa Sinda, ndipo ndinaima kuuyang'ana mpaka unafufutika.

Ndili mwana, atate ankawotcha mitengo ya thonje tikatha kukolola. Tsiku lina ataunjika milu, ndinaona mzere wotere ukusendera pang'onopang'ono kum'mawa. Kumeneko, m'mphepete mwa munda, kunali mitolo ya udzu umene amayi anamweta mwezi wathunthu kuti tifolere nyumba.

"Atate, musayatse! Mphepo ikupita ku udzu wa amayi!" Ndinaloza kumwamba.

Atate anatapa dothi, nalisiya kuti ligwe. Fumbi linaulukira kumadzulo.

"Iyo ndi mphepo ya oyendetsa ndege, mwanawe. Yathu ndi ino."

"Nanga ikatsika?"

Anandiyang'ana, nabweza machesi m'thumba. Tinatuta mitolo yonse mpaka kunyumba, udzu ukutiyabwa m'khosi, iwo akung'ung'udza kuti anabereka kapitawo. Moto anayatsa mawa lake, utsi n'kulowera kumadzulo ndithu.

Ndinamva nditakula kuti mphepo yam'mwambayo ili ndi njira yakeyake, siitsikira m'munda. Atate ankadziwa kale zimenezo, koma anasenzabe udzuwo chifukwa mwana wawo ankaopa.