Makumba amene anasiya kuswa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anathamangitsa amalume ndi khasu chifukwa cha nsomba. Tinkakhala m'mudzi wina njira ya ku Chipangali. Atate ankalima thonje, ndipo kumunsi kwa munda, m'dambo, anakumba dziwe la makumba limene ankalinyadira kuposa ife ana awo. Madzi ake ankabwera pa kangalande kochokera kumtsinje.

Chaka choyamba nsomba zinaswa mpaka m'mbali mwa dziwe munkada bii ndi tiana. Chaka chachitatu kunali zii. Nsomba sizinafe ayi, zinkadya gaga bwinobwino ndipo zinanenepa, koma kamwana ngakhale kamodzi sikanaoneke. Amayi akatumbula zazikazi ankapeza mazira ochepa, ofota. Zazimuna zina zinali ndi timazira m'mimba. Atate ataona zimenezo anaponya mpeni pansi n'kunena kuti imeneyi ndi ntchito ya munthu.

Munthuyo sanamusake nthawi yaitali. Amalume a Tembo, mlongo wawo wa amayi, anali ndi dziwe lawo kumtunda kwa mtsinje, ndipo lawolo linkaswa ngati misala. Kwa atate umboni unakwana pomwepo. Tsiku lina masana amalume anabwera ndi ndowa ya tiana kuti atigawire. Atate anaikankha ndi phazi, tinsomba n'kumaphiriphitha m'fumbi.

"Alamu, munamanga nsomba zanga, lero mwabwera kudzandiseka?"

Amalume anayesa kuyankha, koma khasu linali litakwezedwa kale. Anathawa atasiya nsapato imodzi. Kuyambira pamenepo amayi analetsedwa kuponda pakhomo pa mlongo wawo, ndipo kutchalitchi anthu ankasuntha pabenchi amalume akakhala. Atatha kukolola, amalume anasamukira ku Madzimoyo.

Patapita miyezi kunabwera mlangizi wa za nsomba wochokera ku Chipata, mayi wamfupi wosakonda nthabwala. Anatumbula nsomba ziwiri, kenako anatsata kangalande kulowera kumtunda, ife tili pambuyo. Pa mwala wina wafulati anaima. M'udzu munali mabotolo a mankhwala a thonje, ndipo fungo lake lija loluma m'mphuno linali pomwepo. Anafotokoza kuti mankhwala ena akamalowa m'madzi pang'onopang'ono sapha nsomba, koma amasokoneza mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa kubereka. Yaimuna imayamba kuoneka ngati yaikazi, yaikazi imalephera kukhwimitsa mazira. Kenako anafunsa amene amatsukira chopopera pamenepo.

Atate anayang'ana kumbali. Mwalawo unali wanga. Atate akamaliza kupopera thonje ankandisenzetsa chopoperacho kuti ndikatsuke, ndipo ndi iwo anandisankhira malowo. Ankati kuchitsime ayi, tingaphe anthu, koma madzi oyenda amapita nazo zonse. Zonsezo zinkapita m'dziwe mwawo.

"Ndine," ndinatero. "Atate ndi amene anandiuza."

Mlangizi atangokwera njinga yake yamoto, atate anathyola nthambi ya mpesiya. Sanandimenyere kuwononga nsomba, anandimenyera kuwachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Amayi anangoima pakhonde, maso gwa, kenako anafunsa mwakachetechete kuti nanga tsopano mlongo wawo akamutenga liti. Atate anati mlangizi uja waphunzira za m'mabuku, za kumudzi sazidziwa.

Ndimakwiyabe mpaka lero, ndipo sindibisa. Ndimakwiyira amene ankatigulitsa mabotolo olembedwa Chingerezi chokhachokha osatiuza kotsukira. Koma kwambiri ndimakwiyira atate. Ndinazindikira nditakula kuti tsiku lija anamva zonse ndipo anakhulupirira, chifukwa mawa lake anasamutsa malo otsukira, n'kuphwetsa dziwe, n'kugula tiana tatsopano. Kukonza dziwe kunali kosavuta kwa iwo, koma kupepesa kunawakanika. Nsomba zinayambanso kuswa chaka chotsatira. Amalume anamwalira ku Madzimoyo dzina la ufiti likadali pamutu pawo, ndipo amayi anapita kumaliroko okha.