Kapitawo Wosowa Omunyamula

Ndinadzuka tambala asanalire, nthiti zikuwawa chifukwa chogonera nkhuni pasiwa. Chiperoni chinali chitakuta minda ya tiyi. Kuseri amayi ankasonkhezera moto wa kalongonda, utsi ukukana kukwera.

Womwalirayo anali msuweni wanga, kapitawo wa kwa mzungu. Kutacha anthu anafika ambiri, ena kuchokera ku Changata, koma ndikhulupirira kuti ambiriwo anabwera kudzatsimikiza. Munthuyo chikoti ankachidziwa.

Nthawi yopita kumanda itakwana, adzukulu, onse othyola tiyi, ananyamula chithatha n'kukachitula pamphambano. Akuti mapewa atopa. Kuphiri kunali kutada, ndipo manda a dothi lathu lofiirali akalowa madzi, mumakumba ena.

Ine ndimagulitsa mlamba wouma ku Masambanjati. Munthu wofuna kunyengereredwa ndimamuonera patali. Ndinafunsa chomwe akufuna.

"Inu ndi asuweni ake, mwambo ukukulolani," anatero wamkulu wawo. "Tionetseni mmene ankayendera."

Ndinavala chipewa chake, n'kutulutsa mimba, ine wopanda mimbane, n'kumaponda ngati nthaka ndi ya amalume anga. Anaseka, n'kunyamula mpaka pamtsinje. Pamenepo ndinalipira ndi mmene ankavulira chipewa akaona ngakhale galu wa mzungu. Anaseka ndi olira omwe. Ndinayamba kudzimva, ndipo wamalonda akadzimva amaika banyira popanda womupempha.

Ndinakhosomola chifuwa chake cha miyezi yomaliza, n'kuitana ndi mawu ake enieni: "Amake mwana, madzi."

"Wawa," anayankha alamu anga, akazi a malemuyo, kumbuyo kwa gulu. Anali atatembenuka kale kuloza kunyumba asanakumbukire.

Palibe anaseka. Wamkulu wa adzukulu, amene msana wake unali ndi zipsera za chikoti cha malemuyo, anandivula chipewa pang'onopang'ono.

"Ifetu timafuna kapitawo," anatero. "Uyu ndi mwamuna wa eni."

Ananyamula osatulanso. Ine ndinayenda kumapeto, pamodzi ndi agalu. Tinamaliza kukwirira mvula itangoyamba.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Alamu anakhala pamphasa akuyang'ana mbale yomwe sanaikhudze. Chiperoni chinali chitandilowa m'chifuwa, pakhosi pakuyabwa. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri, ndinatuluka mumvula, n'kuthamanga mpaka kuseri kwa nthochi za eni, n'kukakhosomolera kumeneko.