Filimu Pansi pa Mtsuko

Aphunzitsi athu a sayansi ku Mbombwe ankajambula nyenyezi, kamera ataisiya yotsegula nthawi yaitali. Denga lawo litayamba kudontha, anandipatsa filimu yojambula kale.

"Iwe ndiwe wosamala. Ukaisunge pozizira mpaka ndidzapite ku Limbe."

Kwathu pozizira panali pamodzi pokha, pamchenga wonyowa pomwe pankakhala mtsuko wa madzi akumwa. Ndinaikulunga m'kansalu n'kuikwirira pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawazapo madzi monga ankachitira amayi.

Aphunzitsi atakaitsukitsa ku Limbe, filimuyo inapezeka itamatana ndi chinyezi. Pazithunzi panalibe nyenyezi, koma mawanga okhaokha.

"Ndi mame amenewa, ndinalakwa ndine," anatero. Kenako anandithokoza chifukwa chosunga bwino.

Ndinayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Zikomo, aphunzitsi." Za mtsuko sindinawauze mpaka anasamuka.